Macheka a Alamu

Lolemba, 7 Okutobala

Msana. Ndiyambe ndi umenewo.

Jakaranda wa kwa Mayi a Mpanda wagwa lero. Ndimawatchula choncho poti chaka chonse nkhani yawo ndi mpanda wa njerwa umene akufuna kumanga, ndipo mtengowo unaima ndendende podutsa maziko. Ati nditenge zomwe ndingathe, koma amisiri afika Lolemba likubwerali, chotsala chipita kwa ogulitsa nkhuni. M'thunthu lokhalo muli mbale zoposa makumi anayi.

Agwetsa ndi alamu, amuna awo a achemwali anga, monga mwa masiku onse. Zaka 19 tsopano, iwo kudula, ine kusema mbale pa makina. Macheka a injini sindinawagwirepo. Amati manja anga ndi osisita, osati odula.

Mtengo wagwera pambali pang'ono, n'kudula chingwe choyanikapo zovala. Iwo: "Mphepo, alamu." Mphepo kunalibe.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Maulendo asanu ndi anayi a wilibala, kuchoka kwa Mayi a Mpanda kufika kushedi kwanga. Tayala likulira ngati mbuzi yomangidwa. Mtengo wauwisi kulemera kwake, theka lake ndi madzi okhaokha, ndiye kuti tsiku lonse ndakhala ndikututa madzi.

Dzuwa ili silikhululuka. Chipika chikangodulidwa, pofika masana kumapeto kwayamba kale timing'alu ngati chidendene. Ndapaka penti yakale mbali zonse ziwiri kuti zisaume msanga. Penti itatha ndasungunula makandulo m'chitini. Ndapsa chala.

Zipika zinayi alamu adula mopendama.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndatopa moti cholembera chikulemera.

Lachinayi, 10 Okutobala

Tayambana.

Lero linali tsiku long'amba zipika pakati. Ndimajambula mizere iwiri ndi choko, uku ndi uku kwa mtima wa mtengo, kuti mtimawo uchoke, chifukwa ming'alu imayambira pamenepo. Ntchito yomwe alamu amaigwira akucheza. Lero aphonya mzere zipika zitatu zotsatizana, china ndi zala zitatu zathunthu. Mtima watsala m'kati mwa thabwa labwino kwambiri, lamizere yokongola ija ya pamphanda.

Ndalankhula zambiri. Ndati ngati ayambiranso botolo anene. Ndati choko ndagula ndekha, asachiope. Mayi a Mpanda anali pakhonde, amva zonse.

Alamu azimitsa injini, akutumula utuchi pa malaya, ati, "Mawa, alamu." Munthu amene amakubwezera mawu asanathe kutuluka m'kamwa mwako. Zandiwawa kuposa akananditukwana.

Akunyumba ati pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Andithira mafuta pamsana mokhala ngati akukanda ufa.

Lachisanu, 11 Okutobala

Ndalawirira kuti ndikapepese. Ndawapeza alamu afika kale, atagwada pa chipika chomwe ndinajambula dzulo. Sanandimve. Amatsata mzere wa choko ndi chala, nkhope pafupi ngati akufuna kununkhiza, kenako n'kukhoma kamsomali kumapeto kwa mzere, kena kumapeto enawo. Kuti azikhudza.

Ndati, "Alamu, ndi maso?"

Akhala pansi pa utuchi. Ati diso lamanja linayamba chaka chatha, ngati utsi. Tsopano lamanzere nalo layamba. Choko amachiona ngati ali pamthunzi, padzuwa zonse zimangoyera. Kuchipatala sanapite. "Akandiuza kuti basi, ndidzadzuka m'mawa kupita kuti?"

Kenako andigwira dzanja. "Achemwali anu asamve. Timalize mtengo uno, ndikawauza ndekha."

Ndavomera. Ndavomera chifukwa cha chisoni, ndikufuna ndilembe choncho. Koma apa palibe wondiona: ndavomeranso chifukwa thunthu lalikulu likadali pansi ndipo kwatsala masiku awiri.

Tagwira ntchito mpaka madzulo, ine kuwalozera poyambira, iwo kudula. Zipika zisanu ndi chimodzi, zowongoka bwino. Ndazisanja pamthunzi pamwamba pa njerwa kuopa chiswe. Chakudya chandikanika.

Loweruka, 12 Okutobala



Tinali pa thunthu, ine ndi alamu. Pansi pake panali nthambi yopanikizika, ine ndinaiona, ndinayesa nawonso aiona. Nsonga ya macheka yaigunda, macheka n'kudumpha. Ndangomva kulira kwasintha. Poyang'ana, jombo yawo yamanzere yang'ambika kuyambira kuchala mpaka pa zingwe, sokosi ikuoneka. Magazi ayi. Ngakhale kadontho.

Iwo kuseka. "Jombozi zinali zothina kale."

Ine ndakhala pa wilibala. Mayi a Mpanda abwera ndi madzi m'kapu, apatsa ine m'malo mwa iwo.

Ndati basi, taweruka. Alamu ati thunthu latsala theka. Ndati litsale. Ati, "Munalonjeza." Ndati ndinalonjeza kusanena, sindinalonjeze kukuperekezani kumanda. Anyamula macheka paphewa, apita, jombo ikuyasama.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndawauza achemwali.

Ndinawapeza kuseri akuchapa, alamu atapita kukameta. Ndinazungulira nkhani ngati galu pofuna kugona, mpaka anati, "Iwe, nena, sopo akuuma." Ndanena zonse, misomali, jombo. Anasiya kuchapa, manja ali m'beseni. Ati ankadabwa kuti bwanji masiku ano amathira tiyi pambali pa kapu, ankayesa ndi kutopa. Kenako andiyang'ana.

"Wadziwa Lachisanu, dzulo n'kuwasiya agwire macheka?"

Ndine wa zaka 52 koma ndinaima pamenepo ngati ndaswa mbale ya amayi.

Pobwerera ndakumana ndi alamu panjira. Andizindikira ndili pafupi kwambiri. Aona komwe ndikuchokera. Sanandipatse moni.

Lolemba, 14 Okutobala

Ogulitsa nkhuni afika ndi nkhwangwa mamawa. Ndinapita kukatenga wilibala, ndapeza thunthu lija akuliwaza. Sindinaime.

Kushedi zipika 23. Zisanu ndi zitatu sizinang'ambidwe, ndipo ziwiri zayamba kale kutseguka pamtima ngakhale ndinapaka. Zikafika Lachisanu zili chonchi, nazonso ndi nkhuni.

Cha m'ma 10 achemwali alowa, macheka atakulunga m'thumba, awaika pa benchi. "Akhale kuno. Lachinayi tikupita kwa dokotala wa maso, afune asafune." Alamu anali m'mbuyo mwawo, atavala nsapato zopitira kutchalitchi. Sanalowe. Akhala pa chipika panja, atandifulatira.

Achemwali atapita tinakhala choncho mwina ola. Ine kunola mipeni yomwe ndinanola kale.

Kenako ndatenga macheka, ndatuluka nawo. Ndakoka chingwe. Zii. Ndakokanso, kasanu, kakhumi, phewa ngati lichoka. Fungo la petulo lokhalokha.

"Injini mwaimwetsa mafuta," atero osatembenuka. "Isiyeni ipume."

Ndadikira.

"Ikani pansi. Phazi pa chogwirira. Osati ilo, lamanja. Kokani kamodzi, mwamphamvu, musaisisite."

Yalira. Mikono yonse kunjenjemera mpaka m'mano. Ndaima nawo pa chipika choyamba osadziwa poyambira.

Adzuka, abwera mokhudza zipika ndi bondo, aima kumbuyo kwanga. Dzanja lawo pa chigongono changa, akukankhira pansi pang'ono. Akuwa m'khutu mwanga kupitirira phokoso:

"Sindinakukhululukireni. Mzere mukuuona?"

Ndati ndikuuona.

"Tiyeni."