Misere ya Kaligo wa Abambo

Dzoole, Dowa
14 Julaye 2024

Okondedwa achemwali a Modesta,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana kathu Faith. Kodi chifuwa chija chinamusiya? Kuno tilipo, kungoti chaka chino kwazizira kwambiri. Nkhungu ikumaphimba mapiri a ku Ntchisi mpaka dzuwa litakwera. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma mtedza anakumba okha, ndipo wina ndi umene Paulo wa thiransipoti wakutengerani m'kathumbako.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe timalankhulana pa foni sabata iliyonse. Nkhani iyi ndayesa kuiyamba pa foni katatu konse. Ulendo uliwonse ndimathera kukufunsani za nyengo ya ku Joni.

Ndi nkhani ya nyimbo ya abambo imene ndinajambula, ija mwakhala mukundipempha chimwalirireni iwo. Ndakhala ndikukuuzani kuti netiweki ikuvuta, mwina kuti ndi yaikulu singadutse pa foni. Ndimakunamizani. Nyimboyo kulibenso, achemwali. Ndinaiwononga ndi ine.

Ndiloleni ndifotokoze mwadongosolo, chifukwa ndikadumpha pena ndithawanso.

Ndinaijambula mwezi ngati uno chaka chatha, atangotuluka m'chipatala. Anakhala pakhonde ataphimba miyendo ndi bulangete, n'kundituma kuti ndiwatsitsire kaligo wawo pa msomali. Anapaka utomoni pa uta, anatsokomola, n'kuyamba. Inali mphindi zitatu ndi kanthu. Atamaliza anayang'ana foni ija n'kulankhula mawu opita kwa inu, ndipo anandiuza kuti ndikutumizireni tsiku lomwelo.

Sindinatumize. Nditaimvetsera ndinamva nkhuku, ndinamva amayi akupeta, ndinamva wailesi ya kwa aneba. Ndinati ndiyambe ndachotsa phokosolo kuti ikufikeni yoyera. Mumandidziwa. Ndine yemwe uja ndinkalemba kalata yofunsira ntchito kasanu n'kulephera kukaiponya. Ndinati mawa, ndinati akatha mayeso, mpaka Okutobala anakwana, abambo n'kutisiya.

Pa maliro inu munalibe mapepala oti n'kuwolokera. Amalume a Samueli anaika kaligo m'bokosi, akuti palibe wina adziwa kumuimba, angodyedwa ndi chiswe. Ine ndinali pomwepo ndipo sindinatsutse. Mumtima ndinkati mawu ake ndili nawo. Foni ija itafa mu Januwale, nyimboyo inali itatsala pa fulashi imodzi yokha.

Titagwirizana zoti chiliza chimangidwe Seputembala akubwerayu, ndinaganiza zokonza kanthu koti anthu adzamve tsikulo. Ndinapeza pulogalamu yaulere yopangira nyimbo pa laputopu, n'kuyamba kudziphunzitsa masana ndikaweruka kusukulu. Muli njira ziwiri zimene zinandikoka mtima.

Yoyamba pa Chingerezi amati physical modelling. Ine ndimangoti kuumba chida. Kompyuta suipatsa mawu ojambulidwa ayi. Umaiuza kutalika kwa nsambo, kunenepa kwake, mmene yakungikira, kukula kwa chibade, ndi mphamvu imene uta ukukhudzira. Yokha imawerengera kuti chida chotero chikanalira bwanji. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikuphunzitsa ana a fomu firii za kunjenjemera kwa chingwe, ndikujambula mafunde pa bolodi, koma aka kanali koyamba kumva masamu amenewo akulira m'khutu mwanga.

Poyamba zinkamveka ngati udzudzu. Nditawonjezera mphamvu ya uta zinasanduka chitseko chosowa mafuta. Tsiku lina amayi atabwera kudzandiona kusukulu anasuzumira pawindo n'kundifunsa ngati ndayamba kuweta mbuzi m'nyumba ya boma. Tinaseka, ndipo kanali koyamba kuwamva akuseka chichitikireni maliro.

Yachiwiri amati granular synthesis. Iyi imatenga mawu ojambulidwa n'kuwasinja, kukhala tizidutswa tating'onoting'ono ngati misere, kalikonse kofupika kuposa kuphethira. Ukatero ukhoza kumwaza misereyo, kuisakaniza, kapena kuikoka kuti kamphindi kamodzi katalike ngati Misa yonse. Ndinayesera pa kulira kwa khasu likagunda mwala. Ndinayesera pa mvula ya pa malata. Zinkatuluka zinthu zokoma zoti sindinazimvepo.

Ndiye nzeru inandibwerera. Ndinati ndikatenga kukoka kumodzi kwa uta wa abambo n'kukutalikitsa, ndimva bwinobwino mkati mwa liwu la kaligo wawo, ndipo ndidziwa moumbira wanga kuti afanane naye.

Linali Loweruka masana, mu Malichi. Ndinatsegula nyimboyo kuchokera pa fulashi pomwepo. Malangizo onse a oyamba kumene amanena chinthu chimodzi pa tsamba loyamba: kopera kaye, usagwire ntchito pa chinthu chimene uli nacho chimodzi. Tsamba limenelo ndinalidumpha, poti ndinkadziona ngati wodziwa kale. Ndinasinja nyimbo yonse, ndinamwaza, ndinakoka. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, batire inayamba kuchenjeza, ndipo ndinathamangira kusunga. Kompyuta inafunsa ngati ichotse chakale cha dzina lomwelo n'kuikapo chatsopanochi. Ndinadina kuvomera. Laputopu inazima.

Lolemba ndinakwera kabaza kupita ku Mponela kwa a Sadick, aja amakonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Analimbana nayo mpaka nthawi ya swala ya masana, anapita kumzikiti, atabwerako anayesanso. Kenako anavula magalasi n'kunena kuti, “Aphunzitsi, mukanangofufuta tikanawedza. Koma inu mwagalauza munda. Mizere ya chaka chatha muiona kuti?” Anakana kuti ndiwapatse kanthu. Anangonditsanulira tiyi.

Apa ndiye pali chamanyazi china. Amayi anali atazolowera kuti Lamulungu lililonse tikabwera ku tchalitchi ndiwaikire nyimboyo. Ndinawauza kuti laputopu yawonongeka. Miyezi iwiri ndinakhalira kuumba kaligo uja, ndikusintha manambala, ndikuimba nyimbo ya abambo kuchokera m'mutu. Ndinafika pojambula nkhuku zathu zomwe n'kuziika kumbuyo kwake. Phokoso lomwe lija ndinakana kukutumizirani, tsopano ndinkalithamangitsa pabwalo ndi foni m'manja.

Lamulungu lina mu Meyi ndinawaikira. Anamvetsera mpaka kumapeto manja ali pamiyendo. Itatha anati, “Akuimba bwino mnyamatayu. Ndi mwana wa yani?”

Ndinayesa kunena kuti ndi abambo omwe, kungoti ndaikonza pang'ono pa kompyuta. Anandiyang'ana ngati mmene ankatiyang'anira tikaba shuga. Akuti chikopa cha kaligo wa abambo chinang'ambika chaka chimene inu munabadwa, anachimata ndi chigamba cha chubu cha njinga, ndiye ankalira ndi kamkonono pansi pake. Akutinso abambo ankaima pang'ono asanakweze nyimbo, kuti apeze mpweya. “Uyu sakupuma,” anatero. “Alibe chifuwa.”

Ndinawauza zonse pomwepo. Sanakalipe. Ananyamuka kukaona nyemba pamoto, ndipo anakhalitsa kukhitchiniko kuposa mmene nyemba zimafunira.

Patapita masiku atatu anandipempha kuti amve chimene chinatsala. Ndinawachenjeza kuti si nyimbo. Ndi mkokomo wautali, wonjenjemera, mawu a abambo ndi a kaligo atasakanikirana moti sungatole liwu ndi limodzi lomwe. Anamvetsera pang'ono n'kukweza dzanja kuti ndizimitse. Akuti akumveka ngati munthu akuitana kutsidya kwa mtsinje wodzaza: ukudziwa kuti ndi iye, koma chimene akunena sukuchimva. Kenako anandifunsa ngati mawu aja a kumapeto anakufikani. Nditaweramitsa mutu anati nkhani imeneyo sandinenera, ndikuuzeni ndekha.

Achemwali, chimene chikundidya kwambiri ndi ichi. Tsiku la Khirisimasi munalira pa foni, munati abambo anapita atakukwiyirani chifukwa simunabwere kudzawaona akudwala. Ine ndinali ndi yankho lawo m'thumba, likadali lamoyo, la mawu awo enieni. Ndinachita mantha kuti mundifunsa chifukwa chimene ndinalisungira miyezi isanu, ndiye ndinangoti musamaganize choncho. Mwasenza katundu ameneyu miyezi yonseyi chifukwa ine ndinkaopa nkhuku, kenako ndinkaopa inu.

Sindikupemphani kuti munene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Ngati mukufuna kukhala osandilankhula kwa kanthawi, ndimvetsa. Muziwaimbira amayi pa foni ya a Talandira a pa golosale, sadandaula kuwapititsira.

Chimene ndikupempha n'chaching'ono. Inu ndi amene munkawagwirira waya akamamanga nsambo, ine ndili wakhanda. Ankautenga kuti? Amayi akuti mwina m'tayala lakale, koma sakutsimikiza. Unali wotalika bwanji, kuyeza ndi mkono wawo? Chigamba chija chinali pakati pa chikopa kapena m'mphepete? Pulogalamuyi imafuna manambala, ndipo munthu yekhayo wotsala amene anawathandiza kumanga chida chimenecho ndi manja ndi inu. Ndikudziwa kuti ngakhale ndipeze zonse sadzakhala abambo. Mwina pa chiliza sindidzaika n'komwe. Koma ndikufuna ndimve kamkonono kaja kamodzi, ndipo amayi alonjeza kuti andiuza poyenera kupumira.

M'kathumba ka mtedzamo muli kakhadi ka m'foni, ndakakulunga m'pepala la buluu. Muli misere ija. Musamvetsere muli kuntchito.

Tsopano mawu anu. Ndinawamva kambirimbiri moti ndikuwadziwa ngati Atate Athu, ndipo amayi, amene analipo tsikulo, ndawawerengera n'kuvomereza kuti ndi momwemo. Atatsitsa uta anatsokomola kawiri, n'kufunsa ngati chikujambulabe. Nditavomera anakuitanani ndi dzina lanu la mfunda, anati:

“Nambewe, wamva? Dzanjali likadali ndi mphamvu. Asakunamize amayi ako kuti ndatha. Usathamange kubwera, mapepala ako akonzeke kaye, ungadzavutike pa malire chifukwa cha nkhalamba. Ine ndilibe nawe chifukwa, mwana wanga. Ndiwe unandimangira malata ndikugonamowa. Ukamadzabwera udzanditengere jekete lokhuthala, kuno kukuzizira.”

Apo amayi anakuwa ali pa lichero kuti majekete ali nawo kale awiri. Abambo anaseka, n'kundiuza kuti ndizimitse.

Ndi amenewo. Ndawapereka mochedwa ndi chaka, ndi dzanja langa m'malo mwa pakamwa pawo. Mundikhululukire ngati mungathe.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo Faith mumupsompsone m'malo mwa agogo ake. Amayi akupereka moni, akuti mtedzawo musaugawe wonse kwa anzanu monga mwa chizolowezi chanu. Amalume a Samueli nawonso akupereka moni. Mulungu akusungeni kumeneko, akutsegulireni njira ya mapepala kuti Seputembala tidzaime limodzi pamanda.

Kalatayi ndaikopera pamanja kawiri. Ina ili m'Baibulo la amayi, ina ili kwa ine. Ikasochera panjira, Paulo adzakutengerani inzake.

Ndine mlongo wanu,
Dominiko