Mapiritsi a ku Joni

14 Epulo 2019, Tsangano

Bambo a Yamikani abwera. Miyezi iwiri ku Joni kwa mwana wathu. Atsika okha minibasi, chikwama paphewa, munthu amene popita tinachita kumunyamula. Akuti mtsempha wa kumtima unatsekeka ndi mafuta. Madokotala analowetsa kachingwe pamkono mpaka kukafika kumtimako, n'kusiyamo kachubu ka waya woluka, kosaposa kamtengo ka machesi. Dzina lake sitenti. Kakutsegula njira kuti magazi azidutsa. Sanang'ambe n'komwe. Kachipsera pamkono basi, koma aonetsa mudzi wonse ngati mendulo.

Mapiritsi a miyezi itatu, ena adzabwera pa basi. Yamikani pafoni: "Amayi, tsiku lililonse, chaka chathunthu, osadumphitsa." Ndamuuza kuti ndinayamba kumwetsa anthu mankhwala iye asanamere mano.

2 Meyi

Akumba mbatatesi mizere isanu osapuma. Ine kukalipa, iwo kuseka. Achira amuna anga. Mulungu ngwabwino.

9 Meyi

Kunabwera a Zelesi, akazi a Silvester. Amuna athuwa anali limodzi kumigodi. Akuti a Silvester pachifuwa pakuwathina ngati mmene pankachitira kwathu kuno. "M'nyumba mwanu muli mankhwala a ku Joni, ndiye alamu anu afe inu mukuona?" Ndikanatani? Mchere timagawana, mbewu timagawana. Ndawakulungira theka papepala. Bambo sindinawauze. Munthu wokumba mbatatesi n'kumamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku? Ndiziwapatsa Lolemba ndi Lachisanu, afika Julaye.

23 Meyi

A Zelesi abweranso. Ndawapatsanso. Bambo sabata yonse osamwa, osafunsanso. Chimene ndaika m'dzanja mwawo ndicho amameza. Zaka makumi anayi ali choncho.

11 Juni, kuchipatala ku Lilongwe

Bambo anagwa Lachitatu kumunda. Thukuta thupi lonse, chisanu chonsechi.

Magazi anaundana pa kachubu paja, njira n'kutsekekanso. Kani mapiritsi aja sanali a ululu ayi. Anali oletsa magazi kuundana pa waya. Mwana anati osadumphitsa, ine osafunsa chifukwa chake. Ndinadziyesa wanzeru. Manyazi andigwira, chisoni ndiye chosaneneka.

12 Juni

Moyo ulipo. Koma dokotala akuti mbali ina ya mtima yafa, siidzadzukanso. Za khasu aiwale.

Kenaka anafunsa za mankhwala. Bambo anandiyang'ana pang'ono, n'kunena kuti, "Ndine, adokotala. Mayiwa ankandipatsa, ine ndinkataya."

Dokotala atatuluka ndinayamba kulira. Iwo: "Ida, tontholani. A Silvester anandithokoza kutchalitchi mwezi watha. Ndikanakhala ine ndikanapereka botolo lonse."

Ankadziwa. Mwezi wathunthu akutambasula dzanja, ena masiku n'kulibweza lopanda kanthu, osandichititsa manyazi. Tapusa tonse awiri, koma wogona pabedi ndi mmodzi.

13 Juni

Ndatumiza uthenga kwa a Zelesi kuti asiye mapiritsiwo, apite nawo amuna awo kuchipatala. Mwezi watha mawu amenewa anali kuti?

Yamikani wawakalipira bambo ake pafoni mpaka mawu kusasa. Akuti ndi osayamika, ndi ouma mutu. Iwo amangoti, "Eya mwanawe, ndalakwa." Atatha wandipepesa ine: "Amayi, pepani, akuvutitsani bambowa."

Yamikani afika mawa masana. Bambo akuti nkhani ithere pomwepo, ndisatsegule pakamwa. Koma mwana angamade bambo ake chifukwa cha ine? Ndimuuza. Akangotula chikwama ndimutengera panja, ndimuuze kuti wolakwa ndine.