Chidendene cha Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Mbayani tilipo, kupatula chidendene cha amayi chija. M'mawa akadzuka amayenda chogwira khoma.

Lachiwiri ndinapita nawo kwa a fiziyo, kuchipatala choona za minofu ndi mafupa, pafupi ndi Ginnery Corner. Adokotala ake anawapaka mafuta ozizira pachidendenepo, kenako anaikapo kamakina kogogoda mofulumira. Akuti kugogodako kumalowa mkati mwa mnofu ngati mafunde, kuti podwalapo payambe kupola. Amayi analuma mano koma sanadandaule. Sizinathe ndi mphindi khumi zomwe.

Titatuluka anakhala pabenchi n'kumatembenuza phazi, kuliyang'ana. Amvekere, "Jakisoni sanandibaye, mapiritsi sanandipatse. Bola mphini, munthu umaona pamene atema."

Adokotala anati apumitse phazilo masiku awiri. Amayi akuti apumirenji poti sanalandire mankhwala? M'mawa mwake anakapikula kaunjika ku Limbe, n'kuima tsiku lonse pamsika. Pano pakupweteka kuposa kale, ndipo mlandu aupereka kwa makina.

Akuyenera kupitanso kanayi, koma akanitsitsa. Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma. Chonde muwaimbire Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Za mafundezo musavutike n'kufotokoza, mungowauza kuti kumeneko nakonso amachiza choncho. Mawu anu ochokera kutali amawamva msanga kuposa anga, ine wowatenthetsera madzi othowera phazilo tsiku ndi tsiku.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike