Sipika ya Pamapeyala Idakali Chete

Amayi,

Kumeneko kukuyenda bwanji, mwazolowera? Ndine Tiya wanu. Ndakhala kuseri kwa bala, mvula yangokata kumene, matope ali ponseponse. Ndimati ndikulembereni kalekale, koma ndikangolemba kuti "Amayi" ndimaika cholembera pansi. Lero ndilemba basi, kaya zituluka zokhotakhota, chifukwa pali nkhani, ndipo palibe wina angaimve ngati inu.

Ndiyambe ndi zabwino, paja munkadana ndi munthu wofika ndi zoipa asanakhale n'pansi pomwe. Achemwali Edina anachira! Mwana wamkazi, Amayi, wonenepa, masaya ngati mandasi. Anabadwira ku chipatala cha ku Boma, komwe kuja munatisiyira inu. Polowa pageti ndinafuna kubwerera, koma nditamuona mwanayo ndinaseka mpaka anesi anatembenuka. Chipumi chanu chenicheni! Alamu akuti ndi cha kwawo. Ife tangowasiya, asangalale.

Nandolo tinakolola wochepa, mbozi zinatiyambirira ife tidakali ndi zamaliro m'mutu. Chimanga tadzala ndi mvula yoyamba ndipo chamera bwino, kupatula kumunsi kuja kumakokoloka. Nthochi munabzala kuseri kwa bafa ija yabereka, koma aliyense akuzengereza kuidula. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja. Mbuzi yanu yamakani inadya sopo wa Edina, sinadwale n'komwe.

Tiyi ndiye waphuka koopsa. Minda ya esiteti yabiriwira mpaka kuphiri, amene anaimitsidwa m'chilimwe awalembanso ntchito, makomboni adzaza, thirakitala ikungoyenda ndi masamba tsiku lonse. Inu mukudziwa kuti nyengo ngati ino Pamapeyala pankasowa poponda. Anthu akangochoka kusikelo, madengu pansi, mapulasitiki omanga m'chiuno aja pamisomali, onse pamabenchi anu. Koma Amayi, bala yanu ili zii. Nkhani ndi imeneyo.

Musaganize kuti ndinasintha zinthu. Chilichonse chili monga munachisiyira. Masese tikuphika ndi mnzanu a Mai Nahawa, ndipo amandikalipira ndikathamangira kusefa, ndendende inu. Aliyense akafika ndimamupatsa cholawa, nditayamba ndamwako ine kuti aone kuti mulibe kanthu. Beseni la madzi ofunda limakhala pakhomo kuti otchola tiyi asambe m'manja, zala zitawauma ndi mame. Loweruka nyemba zija za kalongonda zimakhalapo. Bawo ili pansi pa mtengo. Dzuwa likalowa ndimatseka, paja munkati munthu wolawirira kumunda sitimugoneka pa benchi.

Masabata oyamba maliro atatha anthu ankabwera ndithu. Koma ankamwa mwakachetechete, ngati ali pamzere wa kuchipatala. Kapu imodzi, "zikomo Tiya", n'kumapita. Kenako anyamata anasiya kubwera. Kenako makalaliki a kufakitale. Ngakhale a Gondwe, aphunzitsi a ku Rumphi aja amene ankati pano ndi pokhapo pamene saona kuti ndi mlendo, anayamba kungokweza dzanja ali panjinga. Ine ndinkati vuto ndi mowa wanga. Ndinkalawa, kulawanso, kumufunsa Edina, mpaka anandiuza kuti ndisiye ndingasanduke chidakwa.

Kumsewu kwatsegulidwa bala yatsopano, ndipo sindikubisirani, ndinapita kukasuzumira masana ena. Eee, Amayi! Filiji mpaka kudenga, sikirini ya mpira yaikulu ngati chitseko, masipika otalika kuposa ine. Anthu athu onse ali mmenemo. Koma mukudziwa? Palibe amene amalankhula ndi mnzake. Sizingatheke, phokoso lake limagunda m'chifuwa. Munthu akafuna mowa amangoloza ndi chala. Mtsikana wogulitsa sanandiyang'ane kumaso n'kamodzi komwe. Mayi wina amene ndimamudziwa wa ku komboni ya kumtunda anaima pakhomo, anayang'anayang'ana, n'kubwerera.

Pobwerera ndinkangokumvani m'mutu. Munkati mowa ndi womwewo kulikonse, chimene munthu amayendera mtunda ndi pokhala. Munkati nyimbo ikaposa mawu a munthu amene wakhala naye, ndiye kuti yasanduka bwana, ndipo anthu awa mabwana awakwana kale kumunda. Ine ndikakweza voliyumu pang'ono chabe munkangondiyang'ana kuchokera kumbiya, ine n'kutsitsa msangamsanga. Munkaona nkhope ya munthu akulowa n'kunena kuti, "Tiya, uyu wakalipiridwa lero, muikire yoseketsa." Azimayi ankakhala momasuka chifukwa mwamuna akangoyamba manjamanja munkamutengera chipewa chake panja, iye n'kuchitsatira. Ndiye ndinkadzifunsa, pano pali zonsezi, nanga anthu athawiranji kokakhala ngati osadziwana?

Sabata yatha kunabwera amalume. Musawakwiyire, sanabwere ndi nkhanza. Anakhala pa benchi, anayang'ana mabenchi enawo opanda munthu, n'kunena kuti, "Tiya, mlongo wanga sanakuphunzitse mpaka Folomu 4 kuti uzilondera mabenchi." Akuti pali mnyamata akufuna chipindachi, aikemo zometera ndi zotchajira mafoni. Akuti Lamlungu likubwerali akatuluka kutchalitchi adzatenga makiyi. Ndikanawauza chiyani, anthu palibe?

Ndiye Lachitatu masana kunali a Namakhwa okha, akapitawo opuma aja, amene sanadumphepo tsiku chichokereni inu. Anali atamva za makiyi. Anaika kapu pansi n'kundiitana.

"Iwe Tiya, tabwera. Kodi kusukulu kuja anakuchotsa mutu n'kuikapo satifiketi?"

"Bwanji agogo?"

"Ukuti anthu athawa mowa? Mowa wako ndi wabwino, mwina kuposa wa mayi ako, koma usakawauze. Anthu atopa kumwera pamaliro. Tsiku lonse mvula pamsana, madzulo kudzakhalanso pasiwa?"

"Nanga bwanji osanena kuti ndiyatse sipika? Palibe wapemphapo nyimbo, ngakhale mmodzi!"

Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Tipemphe ife? Wofedwa ndi ndani pano?"

Amayi! Lamulo lanu lomwe lija! Ine amene ndinkazimitsa sipika ndi dzanja langali, ine DJ wanu! Munthu wa pano akafedwa, nyimbo zimazima, ndipo siziyakanso mpaka mwiniwakeyo abwere yekha, akhale pa benchi, mumuthirire kapu yake, apemphe nyimbo ndi pakamwa pake. Ndipo palibe womukumbutsa. Munkati wofedwa sitimufunsa kuti amaliza liti. Ndikukumbukira mwana wa a Mai Nahawa atamwalira pangozi ya njinga yamoto, tinakhala chete mpaka chiperoni chinabwera n'kupita. Makasitomala ankadandaula, ine ndinkadandaula kuposa onse, inu osatekeseka. Ndiye tsiku lina a Mai Nahawa anangotulukira, ataonda, nsalu ili kumutu, n'kukhala pakona. Anamwa pang'ono n'kunena kuti, "Tiya, taika ija ya bambo woimba ngati mbuzi yakodwa ija." Bala yonse inaseka misozi ili m'maso, iwo n'kudzuka kuvina okha pakati.

Zonsezi ndimazidziwa. Koma m'mutu mwanga lamuloli linali la makasitomala, la anthu a mbali inayo ya kauntala. Ine ndimaima mbali ya ogulitsa. Sindinaganizepo kuti anthu onsewa, miyezi yonseyi, akudikira ine. Ndinkawaona ngati anditaya, chikhalirecho akusunga lamulo lanu ngakhale mwini wake mulibe. A Namakhwa akuti anyamata a kusikelo amawafunsa tsiku ndi tsiku, "Agogo, Pamapeyala yayaka?" Iwo n'kumati ayi. Akuti sakanandiuza, kungoti makiyi akapita ndiye kuti palibenso benchi yoti ndidzakhalepo. Anamaliza n'kunena kuti, "Mayi ako akandikalipira ndikafika, ndidzawayankha ndekha."

Ndinasangalala, Amayi, ndinalumpha! Ndinati basi, nkhani yaing'ono chonchi? Ndinathamanga kukawauza a Mai Nahawa, ndinatchaja sipika, ndinapukuta memole khadi ndi nsonga ya chitenje. Dzulo Lachinayi anthu atachoka kusikelo kunabwera kagulu ndithu, mbiri inali itayenda. A Gondwe anatsika panjinga. A Mai Nahawa anapita kuseri kwa kauntala, pamalo panu, n'kundiuza kuti, "Tuluka uko iwe, lero ndiwe mlendo." Ndinazungulira. Mukudziwa kuti chibadwire ndinali ndisanakhalepo pa benchi ya kutsogolo ngati kasitomala? Kauntala imaoneka yaitali ukakhala pamenepo. Anathira masese, analawako, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Nyimbo ndinali nditasankha kale. Yakale ija ya gitala imodzi ndi kang'oma, imene munkavina ndi mapewa okha mukutsuka makapu. Ndinamwa. Ndinatsegula pakamwa. Amayi, mawu sanatuluke.

Ndinayesanso. Chala cha a Mai Nahawa chili pabatani, anthu onse maso pansi, kunamizira kuyang'ana makapu awo. Ndipo pamenepo ndi pomwe ndinazindikira kuti si kuiwala kokha ayi. Sipika ija ndinaizimitsa ndekha m'mawa umene galimoto inabwera nanu kuchokera ku Boma. Tinakuikani, tinameta, abale anabalalika, zovala zanu zinagawidwa. Chatsala cha maliro anu ndi chete ameneyu basi. Pakakhala chete, ndimamva ngati mwangopita kuseri kukatenga nkhuni. Nyimbo ikangolira, ndiye kuti zatha, Pamapeyala payambanso kuyenda popanda inu, anthu aziseka inu kulibe. Ndipo wonena kuti zithe ndikhale ine?

Ndinalira, Amayi, kulira kwa pakamwa yasa, kumene sindinalire ngakhale kumanda chifukwa ndinali kalikiliki ndi mapoto. Palibe anandigwira, palibe anati tonthola. A Mai Nahawa anangochotsa chala pabatani. A Gondwe anatulutsa mpango, anauyang'ana, anaona kuti ndi wa choko chokhachokha, n'kuubweza m'thumba. Kenako a Namakhwa anakokera bawo pafupi n'kuuza mnyamata wina kuti, "Tabwera ndikudye, ukungokhala ngati chitsa cha tiyi." Anasewera mwakachetechete. Palibe anachoka mpaka nthawi yotseka. Potuluka aliyense ankangoti, "Tionana, Tiya." A Mai Nahawa potsuka makapu anati, "Ine zinanditengera nyengo yathunthu, mayi ako sanandithamangitse. Nanenso sindikuthamangitsa. Koma amalume ako ndi Lamlungu."

Ndiye ndi pamene ndili. Lero Lachisanu. Mawa Loweruka, tsiku la kalongonda, ndipo ndamuviika kale. Inu munapatsa aliyense nthawi yonse imene ankafuna, koma ine mwana wanu ndatsala ndi mawa lokha. Sindinakonzeke. Ndikunena zoona, sindinakonzeke ngakhale pang'ono, ndipo sindikudziwa ngati pali tsiku limene ndikanadzakonzeka. Koma ndikakhala chete mawa, Lolemba pakhala pakulira mashini ometera, mabenchi apita kukakhala nkhuni, ndipo mayi wa ku komboni ya kumtunda uja azingoima pamakomo a mabala a eni n'kumabwerera. Chete amene ndikumusungayu adzapita ndithu, kungoti adzapita pamodzi ndi zonse.

Amalume ndawatumizira uthenga kuti abwere mawa, asadikire Lamlungu. Sindikudziwa ngati asintha maganizo. Mwina adzaona anthu n'kumvetsa, mwina adzatenga makiyi basi. Zimenezo si zanga. Zanga ndi pakamwa pangapa.

Ndikulonjeza, Amayi. Mawa anthu akatsika kusikelo ndikhalanso pa benchi ija. Mawu akakana ndinong'ona, a Mai Nahawa ali ndi makutu. Voliyumu ikhala yapansi, monga mumafunira. Kuvina sindikulonjeza.

Ndiye mukamva gitala kumeneko, musati Tiya watha kulira. Sindinathe. Ndangotsegulira anthu anu kuti alowe.

Ndimakukondani kwambiri, Amayi, kwambiri zedi.

Ine mwana wanu,
Tiyamike