Msomali wa pa Nguli

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wasiya kukuvutitsani. Kuno ku Wakefield tili bwino, kungoti chisanu chayamba msanga.

Museka mukamva kuti mwana wanga Tinenenji, mtsikana wofatsa uja, watchuka ndi nguli. Za kuno n'zogula m'sitolo ndipo sazikwapula ayi. Amaponya ziwiri m'mbale yapulasitiki kuti zigundane, yoyamba kugwa ndiye yagonja. Loweruka lililonse timakwera sitima kupita ku Leeds, kumene ngakhale azibambo a ndevu zawo amapikisana nawo.

Nguli yake ili ndi mkombero wachitsulo wolemera, ndipo wapambana masabata asanu otsatizana. Basi anthu anayamba kunena kuti mkomberowo uletsedwe, ati ukupha masewera. Ine ndinakumbuka msomali umene munakhoma kunsi kwa nguli yanga kwa Chinsapo, anzanga onse n'kundithawa. Tsiku lija munati, "Zula msomaliwo, nguli yosagonja imavina yokha." Ndiye povota zoletsa mkomberowo ndinakweza nawo dzanja.

Mkomberowo unaletsedwadi. Pobwerera, potsika sitima, Tinenenji anandifunsa m'Chingerezi chake chija, "Adadi, analola okha, ine n'kutsata malamulo awo. Asintha bwanji ndili m'kati kale?"

Amalume, nthawi imeneyo n'kuti m'thumba ndili ndi kalata yochokera kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, yonena kuti malamulo a viza yanga asintha. Iye sanaione. Amayi musawauze kaye.

Kodi kachipinda kanga kaja mukusungiramobe chimanga? Ndangofunsa chabe.

Ine mwana wanu,
Hudson