Mtsuko wa Mayi Wasweka ku Koleji

Mchesi, Lilongwe
6 Okutobala

Okondedwa alongo anga a Alinesi,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata nthawi ino yososa m'minda, chonsecho ndikudziwa kuti maso anu sakugwirizananso ndi zolemba. Ndayesetsa kulemba zilembo zikuluzikulu. Zikakuvutani akuwerengereni mwana wanu Tamando, koma awerenge zonse, asadumphe. Pa foni ndalephera kuinena nkhaniyi chifukwa ndikangoiyamba mawu amandithawa.

Kodi muli bwanji kumudziko? Bondo lija likukulolani kugona? Nanga alamu, chifuwa chinatha? Ife kuno tili bwino, Evelina ndi ana, kungoti kukutentha kwambiri ndipo pampopi madzi akumatuluka pamene afunira.

Alongo, mtsuko wa mayi wasweka. Ndayamba ndi popweteka kuti musawerenge mpaka pansi mukuganiza za maliro. Ndi uja munandipatsa tsiku logawa katundu wa malemu, womwe anaumba komaliza asanagwe m'matenda. Sunaswekere m'nyumba mwanga, ndipo sindinauswe ine. Ndiloleni ndifotokoze mwadongosolo.

Paja ndimagwira ntchito yaumesenjala pa koleji ina ku City Centre, kutsegula makalasi, kupukuta mabolodi ndi kunyamula makina oonetsera zithunzi pakhoma. Ana a pamenepo amaphunzira zamalonda, zamakompyuta ndi zosunga mabuku a makampani. Koma pali phunziro limodzi loti aliyense akhoze asanalandire digiri, lophunzitsa munthu kuyang'ana zojambula, zosema ndi zoumba mpaka azimvetse. Amaphunzitsa ndi mayi wina wa ku Karonga, a Lughano. Anawo salifuna phunziroli. Amati iwo anabwera kudzakonzekera ntchito za ku banki, osati kudzaonerera zithunzi za azungu omwe anafa kalekale. A Lughano akangozimitsa magetsi kuti zithunzi zioneke bwino, ena amagona, ena amaweramira mafoni. Ine ndimakhala kumbuyo pafupi ndi makina, ndiye zonsezi ndimaziona.

Mwezi wathawu a Lughano anandiuza kuti atopa kuphunzitsa nkhongo za anthu. Anati mwina anawa angadzuke atabweretseredwa chinthu choti achigwire, chopangidwa ndi manja a munthu wa konkuno, ndipo anandifunsa ngati kunyumba ndili ndi chotere. Ndinatchula mtsuko. Evelina anakana, anati chinthu cha malemu sichikwera minibasi. Ine ndinati ndi tsiku limodzi lokha, komanso mayi akanasangalala kumva kuti alowa koleji. Ndinaukulunga m'bulangete, ndinakakwerera ku depoti ya ku Old Town, ndinaufungatira pamiyendo ngati khanda. Kondakitala atafuna kuuika kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala tinakangana mpaka anandisiya. Unafika wathunthu.

Zomwe zinachitika m'kalasi ndikufuna muzimve, chifukwa ndi zimene zikundipweteka koposa. A Lughano anauika patebulo, anawauza onse kuti aike mafoni m'matumba, auzungulire, akhale chete. Anawaletsa kunena kuti ndi wokongola kapena ndi wachikale. Aliyense anene zokhazo zomwe maso ake akuona ndi zomwe zala zake zikumva. Poyamba ankangoseka. Kenaka mnyamata wina anati mbali imodzi ndi yakuda, ndipo atafunsidwa chifukwa chake anaganiza mpaka anapeza yekha kuti ndi kumene moto unanyambita kwambiri. Wina anaona kuti timizere ta m'khosi tinayamba motalikirana, koma pokakumana tinapanikizana, ngati woumbayo anazindikira mochedwa kuti malo akumuthera. Apa ndinaseka ndine, chifukwa umo ndi momwe mayi ankadzaliranso mtedza.

Ndiye panali mtsikana wina, Zakia, mwana wa Asilamu ogulitsa nsalu ku Old Town. Iyeyu anapisa dzanja m'kati n'kunena kuti pansi pa khosi pali kadzenje ka chala chachikulu. Anayesa kuikapo chala cha kumanja, sichinakhale. Atayesa cha kumanzere chinalowa ndendende. Anati woumba mtsukowu anali wamanzere. A Lughano anatembenukira kwa ine. Alongo, ndinangogwedeza mutu. Zaka zonsezi ndakhala ndikumwa madzi a mmenemo osadziwa kuti chala cha mayi chili momwemo. M'kalasi monsemo palibe anagona.

Nthawi yomweyo a Lughano anaitanidwa ku ofesi. Atangotuluka anadzuka Lawford, mwana wa bwana wina wa ku Area 43, amene amabwera ku sukulu pa galimoto yakeyake ndipo sanandipatsepo moni. Anavula juzi, anaipinda ngati nkhata, anasenza mtsuko pamutu n'kuyamba kuyenda mogwedeza chiuno, akuti akuonetsa mmene amayi akumudzi amachokera ku dambo. Anauza anzake kuti amujambule. Ndinamupempha mwaulemu, ndinamutchula achimwene ngakhale ndi msinkhu wa mwana wanga, kuti autsitse. Anandiyankha kuti madala ndisadandaule, ndi dothi chabe. Kenaka anachotsa manja onse awiri.

Pansi pake ndi pa simenti.

Ndinagwada kutola mapale. Zakia anagwada nane, koma enawo sanasiye kujambula. Kanema ameneyo wayenda m'mafoni, ndipo pamwamba analembapo kuti madala akulirira mphika. Tikondane wanga anamuona ku sukulu kwawo, anzake akumuonetsa. Anabwera kunyumba, anakana kudya, ndipo mpaka lero akandiyang'ana amagwetsa nkhope. Ngakhale alonda a m'mipanda ya ku Area 10, kumene ndimatumidwa kukasiya makalata, akumandifunsa ngati ndine madala a mphika aja.

Bambo ake a Lawford anabwera ku koleji. Anabweretsa mtsuko wogula kwa anyamata ogulitsa ziboliboli kwa alendo pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, wopaka vanishi, wojambulidwa njovu m'mbali, woti ukathiramo madzi amanunkha penti. Anati umenewu ndi wabwino kuposa woswekawo, ndiye nkhani ithe. Sanalankhule ndi ine. Ankalankhula ndi akuluakulu a koleji m'Chingerezi, mawu akudutsa pamutu panga ngati ndine mpando. Mtsuko wawowo sindinaukhudze. Uli pamwamba pa kabati mu ofesi.

Akuluakuluwo akufuna zithere pomwepo chifukwa bamboyo ndi munthu wodziwika. Amene wakana ndi a Lughano. Anati mwana amene waona chala cha munthu m'dothi n'kunenabe kuti ndi dothi chabe sanaphunzire kanthu, ndipo iwo sangamulembe kuti wakhoza. Popanda phunziroli digiri salandira chaka chino. Atakangana nthawi yaitali anagwirizana chonchi: Lawford apite kwa woumba mbiya weniweni, akaumbe mtsuko ndi manja ake kuyambira kukumba dothi mpaka kuwotcha, abwere nawo, afotokoze pamaso pa kalasi zomwe waona. Koma akuluakuluwo anaikapo malire. Woumbayo akapanda kupezeka pofika tsiku la msonkhano wawo wa mayeso, alandira mtsuko wa njovu uja ndi kupepesa kwa pakamwa, mnyamatayo n'kukhoza.

Ine ndinati woumba alipo, ndi mlongo wanga, anaphunzira kwa mwini mtsukowo.

Ndikudziwa kuti chimwalirireni mayi simunapitenso ku mtapo kukakumba dothi, ndipo munati ndowa zapulasitiki zinapha ntchitoyi. Ndikudziwanso kuti ndinakutchulani ndisanakufunseni. Koma pempho langa ndi limeneli, ndipo ndi limodzi lokha: mumulandire mnyamatayu.

Tsono mundimvetse bwino. A Lughano akufuna kuti mwanayu aphunzire, ndipo ndi munthu wabwino, Mulungu awadalitse. Ine zoti aphunzire ndilibe nazo ntchito. Ndikufuna amve zomwe ndinamva. Sindinawauze a Lughano kuti kwathu mwamuna saumba mbiya, poopa kuti angamumvere chisoni n'kusintha maganizo. Inu mukudziwa zomwe zidzachitike mnyamata wandevu akadzakhala pansi, miyendo tambalale pakati pa amayi, akukulungiza dothi. Ana adzakwera m'mitengo kuti aone bwino. Musadzawathamangitse.

Galimoto yake akaisiye pa sitolo za kumsewu, kwatsalako ayende pansi. Ku mtapo mupite naye dzuwa lili paliwombo, kutsidya la Linthipe kuja mayi ankakumba, osati pafupi. Khasu mum'patse lija la mpini wokhakhala. Dothi asenze yekha, pamutu, ndi nkhata, popeza anationetsa kuti kusenza amakudziwa. Podutsa pa mjigo musafulumire, amayi a pamenepo amuone bwinobwino kayendedwe kake. Asinje yekha, asankhe yekha timiyala, aponde yekha. Mpando musam'patse. Akafunsa magolovesi mumuuze kuti ndi dothi chabe.

Sindikunena kuti mumuonongere ntchito, ayi. Mumuonetse zonse moona monga mayi anakuonetserani, kuti asadzanene kuti tinamuchenjerera. Palibe chifukwa chomuchenjerera. Mayi ankati mbiya yoyamba ndi ya moto, ndipo yanu yoyamba ndikukumbukira mmene inaphulikira. Yake idzaphulikanso. Pamenepo mudzakumbukire lamulo lija, loti wopita ku mtapo kapena wowotcha mbiya agone yekha dzulo lake, ndi kuti mbiya ikaphulika pamoto amayi amayang'anana n'kufunsa kuti watentha ndani. Mudzaitane azakhali ndi anzawo a pakamwa pakuthwa aja kuti adzakhalepo tsiku lowotcha. Adzamufunse iwo, pagulu, kuti anagona kuti. Ine sindidzakhalapo, koma ndikaganiza nkhope yake pa nthawi imeneyo ndimapezako tulo.

Ikaphulika, pasapezeke womutolera. Agwade yekha paphulusa atole mapale ake, limodzilimodzi, ndipo Tamando adzakhale pafupi ndi foni ya alamu. Sindikufuna kuti kanemayo ayende dziko lonse ngati wanga. Ndikufuna ndimuonetse Tikondane basi. Akatha kutola abwerere ku mtapo akayambirenso, mpaka atatulutsa mtsuko wosunga madzi osadontha. Choipa chitsata mwini.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndinu, alongo. Ndikukudziwani. Ndinu a Mvano, mtima wanu ndi wofewa, ndipo mukangoona matuza m'manja mwake mudzayamba kumutchula mwana wanga. Mudzamuphera nkhuku, mudzamuyalira mphasa pamthunzi, mapeto ake mudzamuumbira khosi la mtsuko iye akuonerera. Chonde musatero. Evelina wandiuza kale kuti kubwezera ndi kwa Mulungu, ndipo abusa anenanso zomwezo. Sindikutsutsa. Mudzamukhululukire ndithu, koma mtsuko utapsa. Nkhuku ikhale yamoyo mpaka tsiku limenelo. Adye zomwe mukudya inu, ndipo madzi akatunge yekha.

Mwina mukuganiza kuti ndikuika ntchito yanga pachiswe. Nanenso ndimaganiza zimenezo ndikaona galimoto ya bambo a mnyamatayo pageti. Koma chigamulochi ndi cha koleji, si changa. Ine ndangopereka dzina la mphunzitsi.

Mapale a mtsuko wa mayi ndinatola onse, ali m'kathumba ka shuga pansi pa bedi. Phale lokhala ndi chala chija silinasweke pakati. Ndalikulunga pa lokha m'kansalu. Ndikabwera pa Khirisimasi ndidzakuonetsani, mudzaikepo chala chanu cha kumanzere. Panopa tikumwa madzi a m'ndowa, ofunda ngati tiyi, onunkha pulasitiki. Ngati dothi lidzatsaleko mnyamatayo akamaliza, ndipo ngati bondo lidzalole, mudzandiumbireko wina. Koma izi ndi zapambali, musaziwerengere ngati pempho.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, kwa Tamando ndi abale ake onse. Evelina akupereka moni, ndipo akuti ndikuuzeni kuti iye ananeneratu kuti mtsukowo usachoke pakhomo. Tikondane naye akuti moni kwa azakhali ake.

Msonkhano wa akuluakulu uja uliko Lachisanu pa 17 Okutobala. Yankho lanu lindipeze lisanafike Lachinayi lake, kuti a Lughano akalowe nalo. Simukuyenera kulemba. Mungouza Tamando aimbe pa foni ya alamu anene kuti mnyamatayo abwere, ine ndidzamva. Mukakhala chete, Lachisanu limenelo adzanditsitsira mtsuko wa njovu uja pakabati, ndipo ndidzayenera kuulandira ndi manja awiri n'kunena zikomo.

Ndine mlongo wanu,
Nebert