Amuna anga amanga khola la chitsulo m'galimoto ya mkwatibwi

Aphungu,

Ine amene ndasaina m'munsimu, mphunzitsi wopuma wa mbiri yakale, mwini madigiri awiri, komanso wachiwiri kwa wapampando wa chigwirizano cha amayi kuno ku Luangwa, ndikudandaula mwalamulo ndiponso mosweka mtima za imfa ya chipewa changa. Chinatisiya Lamulungu lapitali cha m'ma 9 awazi, pageti la tchalitchi, mpingo wonse ukuona. Chinali chofiirira, cha nthenga imodzi yoima njo, ndipo chapita chisanagwire ntchito imene ndinachigulira, yomwe ndi ukwati wa mwana wanga Luntha ndi a Joel mwezi wamawa. Chochipha ndi paipi. Woika paipiyo ndi amuna anga a Horace, amene ndakhala nawo zaka 31 osawaponyerapo ngakhale sipuni.

Nkhani yake ili motere. Pakhomo pathu pali Ford Cortina yobiriwira ya 1972, ife timangoti Kotina. Anaigula malemu apongozi anga aamuna, amene anachoka ku Nkhata Bay kudzagwira ukalaliki pamgodi. M'banja muno mkwatibwi aliyense amapita ku ukwati wake atakhala pampando wakumbuyo wa galimoto imeneyi. Alamu anga atatu anakwera. Inenso ndinakwera, ndili wochepa thupi moti simungakhulupirire. Luntha wakhala akunena chiyambire ali wamng'ono, ndipo sabata yatha anabwerezanso: "Ndikapanda kukwera Kotina ya agogo, a Joel akakwatire okha."

Mavuto anayamba a Horace atapuma ntchito. Zaka 30 anali pansi pamgodi ku Mindolo, ntchito yawo kuchirikiza denga kuti thanthwe lisagwere anthu. Amuna a anzanga akapuma amaweta nkhuku. Anga anazula injini ya apongozi, yofatsa ngati mkulu wa mpingo, n'kuikamo chinjini cha masilinda 8. Chikalira, agalu a mu Luangwa yense amalapa machimo awo.

Koma thupi la galimotoyo silinafunsidwe maganizo. Akaponda moto, Kotina imapotokola ngati chitenje chikufinyidwa. Chitseko chakumbuyo chimatseguka chokha kupereka moni kwa oyenda pansi. Mukaimika tayala limodzi pamalo okwera, chitseko chomwecho chimakana kutsekeka. Galasi lakutsogolo lang'aluka pakona popanda woligenda.

Tsiku lina ndinawapeza m'galaja akugogoda denga la galimoto ndi hamala, khutu ali tcheru, monga ankachitira pansi paja.

"Bana Luntha," anatero pondiitana mwa Chibemba, "denga ili ndi lodwala. Kukanakhala kumgodi ndikanatulutsa anthu onse."

Anaitana mnzawo wa kumgodi, a Fidelis, wodziwa kuwotcherera. Awiriwo anakasankha mapaipi amadzi okhuthala kogulitsa zitsulo zakale, n'kumanga khola m'kati mwa galimoto. Akuti a mipikisano ya magalimoto amatero kuti galimoto ikagubuduzika denga lisaphwanye anthu. Nsanamira sikisi, Aphungu. Mtanda pakhomo lililonse. Paipi ina yadutsa pamwamba penipeni pa mpando wa mkwatibwi, ina yapingasa ngati ikuletsa ng'ombe. Zonsezi aziwotcherera pansi pa galimoto, pansi pomwe ine ndakhala ndikuonerapo msewu kudzera pakabowo ka pafupi ndi phazi langa kuyambira 2009.

Lamulungu lija anati tiyese, ine ndikhale kumbuyo m'malo mwa mkwatibwi. Ndinavala chipewa kuti nachonso chizolowere. Kalowedwe kake sindifotokoza konse, pakuti nyuzipepala yanu amawerenganso ana. Dziwani chabe kuti wachiwiri kwa wapampando analowa chokwawa, mwendo kutsogola, ulemu kutsalira panja. Pageti la tchalitchi pali kachitunda kochepetsera liwiro. Tinali kuyenda pang'onopang'ono ngati tikuperekeza maliro, koma titangokwera kachitundako, mutu wanga gu! papaipi. Chipewa phwa! Nthenga thyo!

Mukudziwa chomwe ananena bambo wa ana anga? Anatembenuka, kuyang'ana m'mwamba, n'kumwetulira.

"Mwaona? Paipi sinapindike n'komwe!"

Masana a Fidelis anabwera, kuyang'ana chotupa cha pamphumi panga mbali zonse ngati akuyesa katundu, n'kugwedeza mutu mokhutira: "Awe mukwai, ntchito yalimba."

Lachiwiri Luntha anayesa kulowa atavala diresi lake la ukwati, lokhala ndi waya m'kati. Theka linalowa, theka linakana. Ali chikodwere choncho anafunsa, "Adadi, ndikupita ku ukwati kapena kundende?" Tinaseka tonse, koma titamusolola analowa kuchipinda n'kukalira. M'khola akuti sakwera. Galimoto ina akuti sakweranso.

Apa ndinakwiya zenizeni. Ndinawakhazika pansi a Horace n'kuwalankhula kwa mphindi 40, mfundo ndi mfundo, ndi zitsanzo zochokera m'mbiri ya mayiko atatu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anayankha motsitsa mawu:

"Zaka 30 sindinalolepo munthu kulowa pamalo pomwe denga silinachirikizidwe. Ena sindinkawadziwa ndi maina omwe. Ndiye mwana wanga ndimunyamule makilomita 60 kupita kumadyerero ku Pamodzi, ku Ndola, pakati pa mathiraki a mkuwa aja, pamutu pake pali lata chabe? Ikagubuduzika ndidzakuuzani chiyani inu?"



Ndiye ndithandizeni. Kholali likhale kapena lichoke? Likakhala, mwana sakwera. Likachoka, galimoto ibwerera kovina kwake kuja, ndipo bambo ake akuti sayendetsa. Makhadi tagawa kale, ndipo akuchimuna ku Ndola akudziwa kuti mtengwa wawo akubwera pa Kotina yobiriwira.

Pomaliza, pa mlandu wa malemu chipewa, ndikufuna chipukuta misozi motere: chipewa chatsopano cha nthenga ziwiri, kalata yopepesa iwerengedwe pa zolengeza m'tchalitchi, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, paipi yolakwayo idulidwe ndiziyanikapo zovala moyo wake wonse, ndipo a Fidelis avale chipewa chophwanyikacho tsiku la ukwati, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka kudula keke.

Ine wovulala pamphumi ndi paulemu,
T.C., Luangwa, Kitwe

*

Amayi T.C.,

Pepani ndi zovutazi. Koma pukutani misozi, chipewa chanu chafa imfa ya ngwazi. Chakuonetsani paliwiro la maliro chomwe paipi ija ingachite ndi mutu wa Luntha paliwiro la msewu wa ku Ndola. Khola lichoke. Ndafunsa anthu omanga magalimoto a mipikisano ndipo sanachedwe n'kuyankha.

Musawagonjetse a Horace ndi mbiri ya mayiko atatu. Munthuyu sakulimbana nanu, akuopa, ndipo mantha akewo ndi a bambo wabwino. Yambani ndi kuwathokoza. Mukatero afunseni mafunso awiri a kumgodi kwawo komweko.

Loyamba: pansi paja, denga litachirikizidwa bwinobwino, ankalola munthu kulowa wopanda chisoti? Khola la m'galimoto limayendera limodzi ndi chisoti cholimba, malamba omanga mapewa onse awiri, ndi mpando wogwira thupi kuti lisasunthe. Ndiponso m'galimoto ya mpikisano kumbuyo sikukhala munthu. Wokhala pakati pa mapaipi mutu uli pamtunda, ngozi yaing'ono yomwe akanatulukamo akuseka ikhoza kumuswa mutu. Ngati Luntha savala chisoti pamwamba pa velo, asayandikire.

Lachiwiri: nsanamira ankaimika pa nthaka yofumbwa? Pansi poonekera msewu ndi podyeka ndi dzimbiri. Galimoto itagubuduzika, miyendo ya kholalo ingaboole pansipo n'kutulukira kunja, khola lonse n'kutsikira pa anthu. Onjezani kuti paipi yamadzi anaipangira madzi. Ili ndi msoko, ndipo ikapanikizika mwadzidzidzi ikhoza kung'ambika kapena kupindika. Kulemera kwake konseko kuli m'mwamba, komwe kumathandiza galimoto kupendekeka pokhota.

A Horace asakaniza matenda awiri. Kugubuduzika ndi ngozi yomwe ingabwere. Kupotokola ndi matenda omwe alipo kale, ndipo mankhwala ake ali kunsi, osati kudenga. Galimoto ngati yanuyi ilibe chasisi chapadera, thupi lakelo ndiye msana wake. Choncho a Fidelis asachotsedwe ntchito, angotsika pansi. Adule paliponse podyeka ndi dzimbiri, makamaka m'munsi mwa zitseko, aikepo chitsulo chatsopano. Awonjezere zowotcherera m'misoko ya thupi. Kenaka kunsi kwa galimoto amangeko zitsulo ziwiri zazitali, china kumanja china kumanzere, zolumikiza kutsogolo ndi kumbuyo. Zimenezi zimagwira galimoto kuti isamafinyike, ndipo palibe chipewa chomwe zingakhudze.

M'kalata yanu yonse simunatchule mabuleki. Ngati akadali a 1972 pomwe injini ndi ya masilinda 8, vuto lalikulu lili pamenepo. Akonze mabuleki olingana ndi injiniyo, agule matayala atsopano, asinthe galasi long'alukalo, ndipo aike malamba kumpando wakumbuyo, omangidwa pachitsulo cholimba. Akamaliza apite nayo kwa makaniko wodziwa za magalimoto othamanga akaione. Ntchito ya munthu ndi mnzake wapamtima imafuna diso la mlendo.

Sindikunamizani: denga lidzakhalabe la 1972. Chomuteteza Luntha tsiku limenelo ndi lamba, mabuleki ndi phazi la bambo ake. Asapitirire liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo mathiraki a mkuwa awasiye apite, sakupita ku ukwati. Ntchito ikakhala isanathe sabata imodzi ukwati usanachitike, Kotina yopanda khola imunyamule pang'onopang'ono kuchoka kunyumba kukafika kutchalitchi basi, loko wa chitseko chija atakonzedwa, ndipo ulendo wa ku Pamodzi akwere ina. Mwambo umati mkwatibwi apite ku ukwati pa Kotina. Za kumadyerero apongozi anu sananenepo.

Ukwati ukatha, a Horace asankhe. Akafuna kuthamanga m'bwalo la mipikisano, akamangitse kwa akatswiri chotchinga chenicheni kuseri kwa mipando yakutsogolo, cha chitsulo chopanda msoko, choima pa mapuleti okhuthala ndi chokutidwa bwino, ndipo kumbuyo kusakhalenso munthu. Akafuna kuti adzukulu awo adzakwerenso atavala velo, mpando wakumbuyo ausiye mwamtendere. Galimoto imodzi singakhale ya akwatibwi ndi ya mpikisano tsiku limodzi.

Chenjezo langa ndi ili: mpaka mapaipiwo atatuluka, kumbuyoko kusakwere munthu, ngakhale wachiwiri kwa wapampando. Ndipo asanayambe kudula ndi kuwotcherera achotse thanki ya petulo, kuti tisadzalire zoposa chipewa.

Tsono chigamulo. Nthenga ziwiri ndavomereza. Paipi yoyanikapo zovala ndavomereza, imeneyo ndiye ntchito yoiyenera. Kalata ya m'tchalitchi ndakana, mpingo unaona kale zokwanira. A Fidelis avale chipewacho pokhapokha akalephera kumaliza ntchito panthawi yake, muona mmene athamangire.

Nanenso ndili ndi mlandu ndi inu. Pofika pa "ntchito yalimba" ndinaseka mpaka tiyi anatayikira pamalaya anga oyera, anzanga mu ofesi akuona. Ndikufuna chipukuta misozi: ntchafu ziwiri za nkhuku ya paukwati, nthenga yothyoka ija ndiike m'fulemu, ndi chithunzi cha Luntha akutsika m'Kotina ya agogo ake mutu uli bwinobwino, a Horace atamugwirira chitseko. Pachithunzi chachiwiri ndione chitsekocho chitatsekeka.

Aphungu